Chidindo cha Nambala 47

Mu ofesi yoyang'anira chitetezo cha nyukiliya ku Normandie munali anthu a mitundu iwiri: olowera pakhomo ndi olowera pazenera. Olowera pakhomo anali ana a sukulu zikuluzikulu za ku Paris, aja amabadwa atavala kale taye. Amakhala zaka zitatu akuyang'anira kampani ya magetsi, kenako n'kuwoloka msewu kukakhala mabwana a kampani yomweyo, ndipo akatopa amabwerera kuno pa mpando wonenepa kuposa woyamba. Olowera pazenera anali atatu okha: mkulu wina amene anachita dazi m'sitima zankhondo zoyenda pansi pa nyanja, dokotala wina amene anatopa ndi odwala, ndi Ghislaine Digard.

Ghislaine anali wowotcherera zitsulo. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anakwawa pakati pa mapaipi a siteshoni ya magetsi a nyukiliya ya kugombe, chigoba kumaso, moto m'manja, mpaka mawondo anayamba kulira ngati chitseko cha khola. Apo m'pamene analowa sukulu ya akuluakulu. Mayeso anamugwetsa kawiri, kachitatu iye n'kuwagwetsa, nakhala insipekitala. Ana a taye aja ankamukonda kwambiri, makamaka kukakhala ntchito yodetsa malaya.

Lamulo linamuletsa kuyendera siteshoni yake yakale kwa zaka khumi. Chaka cha khumi ndi chimodzi anamutumizako. Ng'anjo yachiwiri ya nyukiliya inali itazimitsidwa miyezi itatu kuti aikonze, Novembala anali atalowa ndi mphepo yake, ndipo dziko lonse linkafuna magetsi. Chotsala chinali chimodzi: siginecha ya Ghislaine pa mapepala a mapaipi amene amathira madzi pa ng'anjo tsiku la ngozi.

Ntchito ya owotcherera imayenda motere. Aliyense ali ndi nambala, ndi kachidindo kachitsulo kotalika ngati chala. Akamaliza msoko amakhoma nambala yake pambali pake, kuti zikadzavuta adzadziwe wotukwana. Wowotcherera watsopano, misoko yake yonse amaijambula ndi ekisire. Koma wakale amene sanalakwitsepo, amangojambula umodzi pa khumi.

Lachiwiri m'mawa Ghislaine ankatsitsa chala pa mndandanda wa misoko. Nambala 12, 12, 31, 12, 47.

Chala chinaima.

"G. Digard, 47."

Anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. G. Digard sanachoke. Anaitanitsa mabokosi a zaka zam'mbuyo, ndipo pofika 11 koloko anali atapeza misoko makumi atatu ndi umodzi imene iye mwini anasoka atachoka kale. Satifiketi ya nambala 47 inali yamoyo, yathanzi, yosainidwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ndi kapitawo R. Lepoittevin. Ana a taye amene ankabwera zaka zonsezi ankaona nambala, kuona satifiketi, kugwedeza mutu, n'kupita kukadya.

Anavala ovolosi natsikira pansi ndi tochi. Pa paipi panali 47, ndipo 7 wake anali ndi mwendo wobenthuka. Iye ndiye anaubenthula, tsiku lina chidindocho chitamupulumuka ali pa makwerero.

Ghislaine anakapeza Raymond Lepoittevin ku kantini atakumbatira mbale ya matumbo a ng'ombe ndi mbatatesi. Mdala ameneyu ndiye anamulemba ntchito kale, nthawi imene makapitawo ena ankati mkazi akagwira moto paipi imachita manyazi.

"Gigi! Pepani, ndati bwana insipekitala! Khala pansi mwanawe, ku ofesiko sakukudyetsa."

"Madala, ndabwera kudzapempha tchuthi."

"Tchuthi chanji?"

"Zaka khumi ndi chimodzi ndikukusokerani mapaipi osapuma. Ngakhale tsiku limene ankanding'amba bondo ku Caen, ndinatsika pa tebulo la dokotala kudzakuwotchererani msoko, n'kubwerera kukamalizitsa opareshoni. Ndatopa ine."

Foloko inaima pakati pa mbale ndi pakamwa.

"Tsitsa mawu."

"Anasoka ndani?"

"Anthu odziwa ntchito."

"Maina, madala."

"Ndiwakumbukira onse ine? Mpwitikizi wina, anyamata awiri a ku Romania, Dédé pamene satifiketi yake inatha. Usachite ngati unabadwira mu ofesi, Gigi. Amandipatsa masiku makumi anayi pa ntchito ya miyezi iwiri. Munthu wabwera, manja ake ngati a mngelo, koma mayeso ake ali mwezi wamawa. Ndikauze ng'anjo kuti idikire?"

"Ndiye mumati tsegulani kabati, tulutsani Gigi."

"Sunalepherepo ndi kamodzi komwe!" Raymond anayesa kuseka. "Pa mapepala ndiwe katswiri wa dziko lonse la France. Ukanandithokoza."

"Sindinalephere chifukwa umodzi pa khumi wojambulidwawo mumasankha ndinu, ndipo mumasankha umene mwasoka nokha. Ndikunama?"

Mdalayo anayang'ana matumbo a m'mbale mwake.

"Enawo palibe anawaonapo m'kati. Palibe! Mapaipi a tsiku la ngozi, madala! Adzukulu anu amaphunzira pa sukulu imene imaoneka pazenera ili. Munandimenya ndi golovesi kumutu chifukwa cha kabowo kochepa ngati diso la nsabwe, inu nomwe, ine ndikulira m'chigoba. Lero mwasanduka chiyani?"

Anthu a matebulo ena anali atasiya kutafuna. Raymond anapukuta pakamwa pang'onopang'ono, naweramira kutsogolo.

"Wakuwa, wamaliza? Tsono ndikufunse. Chidindocho chinafika bwanji m'kabati mwanga?"



Lamulo limati wowotcherera akachoka, chidindo chake chipukusidwe mpaka nambala ifafanizike, ndipo iye asaine kuti waona ndi maso. Ghislaine anasaina. Koma pa phwando lotsanzikana, kachasu wa maapozi atakwera m'mutu, anachitulutsa m'thumba nachiika m'dzanja la Raymond. "Sungani, muzindikumbukira." Onse anaomba m'manja. Owotcherera ambiri ankachita zomwezo, kupatsa amene anawaphunzitsa, ndipo palibe ankaona vuto. Mdalayo analira tsiku limenelo, misozi yeniyeni.

"Mwandikumbukiradi," anatero Ghislaine. "Kokwana makumi atatu ndi kamodzi."

"Khoswe wakhala pamkhate, mwanawe. Ukandiponya mwala, mkhate wosweka ndi wako."

Bwana wake, Amaury Vauquelin, anafika masana. Anali wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, nsapato zowala, chipewa chantchito chikununkhabe sitolo. Anayamba wakapereka moni kwa mkulu wa siteshoni, amene ankagona naye chipinda chimodzi ku sukulu, ndipo kuseka kwawo kunkamveka mpaka pakhonde. Kenako anabwera kwa Ghislaine, natseka chitseko, namvetsera nkhani yonse zala zitalukana ngati wansembe.

"Mayi Digard, choyamba ndikuyamikireni. Maso anu ndi akuthwa."

"Chachiwiri, bwana?"

"Chachiwiri, tisathamange. Ili ndi vuto la mapepala. Sainani, pansi mulembe kuti pali zina zofuna kukonza, ndipo ng'anjo ikadzazimanso chaka chamawa tidzajambula misoko yonseyo mwakachetechete. Mapaipiwo akhala zaka khumi osavuta."

"Akhala osavuta chifukwa sanagwirepo ntchito. Denga lobooka limadziwika ndi mvula."

"Mwayi woti ngozi ichitike chaka chino, tikawerengetsa bwino..."

"Bwana, inu munaonapo msoko wong'aluka? Osati pa kompyuta. Ndi maso, tochi m'kamwa, mutagona chagada."

"Ine anandilemba kuti ndiziganiza, mayi, osati ndizikwawa."

"Ee, zikuoneka. Ndipo Januwale mukupita kukaganizira kuti? Ndamva kuti kutsidya kwa msewu ayamba kale kupukuta mpando."

Makutu a Vauquelin anafiira ngati nyama ya pa butchala. Mawu ake sanakwere. Anthu a sukulu zimenezo amaphunzitsidwa kubaya munthu mwaulemu.

"Ndikuuzeni monga mnzanu. Mukalemba lipoti, dzina loyamba m'menemo ndi lanu. Insipekitala amene anasaina bodza kuti chidindo chaphwanyidwa. Ku Paris sakafunsa kuti munamwa chiyani tsikulo. Ndipo mukudziwa zimene ena ananena pamene tinkayamba kulemba anthu ochokera ku ntchito zamanja. Ankati amenewa adzabwera ndi azibale awo m'thumba. Mukufuna muwapatse umboni? Simudzigwetsa nokha. Mutseka zenera kwa onse obwera pambuyo panu."

Apa ndiye anamubaya penipeni. Ghislaine anayang'ana manja ake a zipsera pa tebulo. Anakumbukira mabuku a masamu amene ankawerenga m'galimoto pa nthawi ya nkhomaliro, magolovesi ali pamiyendo. Anakumbukira tsiku limene anamupatsa khadi la insipekitala, mmene anakalionetsa kwa mayi ake ku nyumba ya okalamba, iwo n'kufunsa ngati tsopano azivala diresi. Zaka zisanu zokha zinatsala kuti apume ndi ulemu wake wonse.

Vauquelin anamusunthira pepala, naika cholembera pamwamba pake.

"Ndikupatsani ola limodzi."

Vauquelin atatuluka, Ghislaine anatukwana. Anatukwana Raymond, kachasu wa maapozi, sukulu za ku Paris ndi amene anazimanga, kenako anadzitukwana yekha motalika kuposa onsewo. Chimene chinkamuwotcha kwambiri sichinali mantha. Chinali choti anthu awiriwa, wina wa ovolosi wina wa taye, amene sakanakhala tebulo limodzi ngakhale pa maliro, onse anamuyeza n'kupeza mtengo wofanana. Onse ankadziwa kuti asaina.

Anakankhira pepala kumbali natsegula kompyuta. Lipoti la insipekitala likangolowa m'makina a ofesi, bwana akhoza kulitsutsa, kulinyoza, kulilembera ndemanga masamba khumi, koma kulifufuta sangathe. Ankalemba ndi zala ziwiri, mokhoma ngati akukhoma chitsulo.

"Ine Ghislaine Digard, amene kale ndinali wowotcherera nambala 47, ndinasaina kuti chidindo changa chaphwanyidwa. Ndinanama."

Zinazo zinatsatira zokha: misoko, masiku, malo ake, dzina la kapitawo, ndi malangizo amene bwana anamupatsa masanawo, mawu ndi mawu. Ola lisanathe anatumiza.

Vauquelin anabwerera foni ili m'manja, nkhope itayera.

"Mwachita chiyani, mayi inu?"

"Ndakwawa, bwana. Kaganizeni."

Ng'anjo inakhala yozima mpaka Febuluwale. Manyuzipepala analalata, andale analalata, ndipo mlamu wake wa Ghislaine anasiya kumuitana ku chakudya cha Lamulungu. Misoko yonse makumi atatu ndi umodzi anaijambula. Makumi awiri ndi isanu ndi itatu inali yabwino, poti Mpwitikizi uja analidi ndi manja a mngelo. Itatu inali yong'aluka m'kati, ndipo umodzi mng'alu wake unali utadya theka la chitsulo.

Kampani inamupumitsa ntchito Raymond, mlandu ukumudikira ku khoti. Akakumana ndi Ghislaine pa msika wa nsomba, mdalayo amayang'anitsitsa nkhanu ngati akuzidziwa maina. Vauquelin anaonekera pa wailesi ya kanema, tsitsi litapesedwa bwino, akufotokoza kuti nkhaniyi ikusonyeza kuti maso a ofesi yake sagona. Mpando wa kutsidya unamudikira ndithu, anangochedwa miyezi itatu.

Ghislaine anakaonekera pamaso pa akuluakulu asanu ku Paris. Anamuthokoza chifukwa cha chilungamo chake kwa mphindi ziwiri, namudzudzula kwa maola awiri. Sanamuchotse ntchito, chifukwa zikanaoneka zoipa m'nyuzipepala. Anangomulanda chilolezo cholowera m'siteshoni iliyonse ya nyukiliya mpaka kalekale, namupatsa kagalimoto ndi mndandanda wa madokotala a mano ndi a ziweto, kuti aziyendera timakina tawo ta ekisire.

Woyamba anali dokotala wa mano ku Valognes, bambo wonenepa wosekaseka, amene anamulandira ndi pepala lotembenuzidwa kale, chala chili pa malo osainira.

"Takulandirani mayi! Amene ankabwera kale uja sankatha mphindi zisanu. Khofi wa shuga kapena wopanda?"

Ghislaine anayang'ana kamakinako. Anayang'ana khoma la kumbuyo kwake, naligogoda ndi chibakera. Linalira ngati katoni.

"Kuseri kuno kumakhala ndani?"

"Mlembi wanga, Mayi Hamel. Akhala pamenepo zaka zisanu ndi zinayi."

"M'khomamu muli mtovu wotchinga cheza cha ekisire?"

"Pepala likuti ulimo."

Ghislaine anavula jekete nalipachika pa mpando wa odwala.

"Uzani a Hamel asunthe tebulo lawo, ndipo odwala a masana muwaimbire abwere tsiku lina. Muli ndi sikuludalaivala, kapena ndikatenge yanga m'galimoto?"