Wolandira Wachinayi

Apongozi ake a Kadzidzi anakayezetsa magazi Lolemba lina, ndipo namwino wa pakiliniki anawauza mawu amene amauza aliyense: zikatuluka zoipa tikuimbirani tsiku lomwelo, mukapanda kumva foni pitirizani mankhwala monga mwa masiku onse. Mankhwalawo anali osungunula magazi, timapilisi timene munthu amamwa moyo wake wonse mtima ukayamba kuvuta. Tikachepa magazi amaundana, tikachuluka munthu amatha kukha magazi m'kati iye osadziwa. N'chifukwa chake amayeza mwezi ndi mwezi.

Foni sinalire. Inatha sabata, inatha yachiwiri, ndipo pakhomo mitima inakhala pansi, kupatula wa mkazi wa Kadzidzi. Iye anali ataona mabanga akuda pamkono pa amayi ake ngati wina wawatsina, ndiponso magazi pa mswachi wawo. Anajambula kapepala ka kukiliniki kokhala ndi nambala ya amayi akewo n'kutumizira mwamuna wake pafoni.

"Si ndinu mumayendetsa zimenezi kuntchito kwanuko? Tangosuzumiraniko," anatero madzulo ake akutsuka mbale.

"Sindiloledwa kuona zotsatira za anthu. Ine changa n'kuonetsetsa kuti uthenga wafika. Kukanakhala vuto akanaimba, makina athu sataya kanthu."

Anayankhula monyadira, akukankhira m'mwamba magalasi aakulu aja amene anamupatsitsa dzina. Apongozi ali pampando wawo pafupi ndi zenera anagwirizana naye. "Musiye mwanawe, bambowa ndi amene amadziwa."

Ntchito ya Kadzidzi inali yosavuta kufotokoza, ngakhale mwini wake ankakonda kuikometsera pamaso pa alendo. Kampani yawo inali pansanjika yachitatu, pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo inkanyamula zotsatira kuchoka ku labu kupita ku makiliniki. Labu ikamaliza kuyeza, pulogalamu imodzi yotchedwa wotumiza imaika uthenga pamzere mu seva, kompyuta yaikulu yosunga uthengawo. Mapulogalamu ena atatu, olandira, amatola uthengawo n'kukaupereka kukiliniki yoyenera. Atatuwo ali ndi dzina limodzi la gulu lolembedwa m'fayilo, ndipo seva ikaona dzina limodzi imawagawira ntchito, uthenga uliwonse kwa mmodzi yekha. Wolandira akangoti ndalandira, seva imasamba m'manja. Sifunsa kuti waupititsa kuti.

Lachinayi la sabata yachitatu, cha m'ma teni m'mawa, foni ya padesiki pake inalira. Anali sisitala wamkulu wa kiliniki ina ya kutsidya kwa tauni, mayi wa mawu a munthu amene anatopa kalekale kupempha.

"Bambo, ine makompyuta sindiwadziwa, koma kuwerenga ndimatha. Mwezi uno ndatumiza magazi a anthu makumi anayi. Zabwerera makumi atatu ndi chimodzi. Zinazo zili kuti?"

"Mwina ndi netiweki ya kwanuko, amayi."

"Bwana wanu ananena zomwezo sabata yatha. Netiweki imasankha anthu?"

Atabweza foni, Kadzidzi anayang'ana sikirini yaikulu ya pakhoma. Zonse zinali zobiriwira. Nambala ya uthenga wotumizidwa ndi ya wolandiridwa zinali zofanana ndendende, ndipo pamzere panalibe chodikira ngakhale chimodzi. Apo m'pamene anayamba kukayika. Nthawi ngati imeneyi mzere unkayenera kukhala wodzaza, chifukwa labu imatulutsa zambiri m'mawa. Zaka zinayi anazolowera kuuona ukutupa mpaka masana. Koma kwa masabata atatu tsopano unkangoti waa, ndipo bwana anachita kumuyamikira pamsonkhano, iye n'kuvomera ulemuwo osafunsa kuti wachokera kuti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anafunsa seva kuti imuonetse mamembala a gulu la olandira. Anayembekeza mizere itatu, koma inatuluka inayi. Atatu oyambawo anali ndi mayina a zilembo ndi manambala monga mwa lamulo la kampani. Wachinayi dzina lake linali nkhalamba, ndipo dzinalo analipereka ndi iye mwini, mwanthabwala, kwa kompyuta yakale imene inali m'chipinda chosungira katundu.

Anakumbukira zonse nthawi imodzi. Lachisanu lina bwana anafuna kuti pulogalamu yatsopano iyesedwe. Kadzidzi anakopera fayilo ya olandira enieni n'kuiika m'nkhalambamo, monga amachitira aliyense waulesi wodziwa ntchito, n'cholinga choti asinthe mizere iwiri yokha: adiresi ya seva ndi dzina la gulu. Asanasinthe anaitanidwa kuti akasunthe galimoto, inatsekereza lole ya matayala. Atabwerera anangoyatsa, anaona manambala akuyenda, anati zatheka, n'kukhoma chitseko. Chiyambire tsiku limenelo, uthenga umodzi pa anayi alionse unkapita kwa nkhalamba, ndipo nkhalamba inkayankha mwaulemu kuti ndalandira.

Anadutsa pakati pa madesiki osayang'ana munthu. M'chipindamo munali mipando yothyoka miyendo, makatoni a mapepala akale, ambulera yopanda mwini ndi fungo la fumbi lotentha. Pansi pa tebulo kompyutayo inkang'ung'udza, kanyali kake kakuphethira. Anapukuta sikirini ndi dzanja la malaya. Mizere inali mbwee, uliwonse nambala ya munthu ndi tsiku, ndipo ina inali ndi kanyenyezi kumapeto, chizindikiro chakuti dokotala auzidwe msanga. Zotsatira zenizenizo kompyutayo inkazitaya, chifukwa iye mwini anailamula kutero posunga chinsinsi cha odwala. Ali chiyang'anire mzere wina unatulukira pansi, nawonso wa kanyenyezi. Anagwada n'kuzula chingwe cha netiweki.

Foni yake inali m'thumba la buluku, ndipo chithunzi cha kapepala kaja chinali m'fonimo. Ankadziwa bwino lomwe. Koma munthu akachita mantha amasanduka katswiri wa masamu, ndipo Kadzidzi anaimirira pamenepo akudziuza kuti atatu pa anayi alionse anafika bwinobwino, ndipo atatu ndi ochuluka kuposa mmodzi.

Bwana wawo, amene kumbali ankamutcha Tionazo chifukwa ndilo linali yankho lake pa chilichonse, anamupeza ali chomwecho. Anamvetsera nkhani yonse osadula, kenaka anatseka chitseko pang'onopang'ono n'kutsitsa mawu.

"Mwazula? Ndiye zatha, sizipitirira. Angati?"

"Akupitirira chikwi. A nyenyezi sindinawerenge."

"Musawerenge. Seva idakasunga uthenga wa mwezi uno, eti? Loweruka masana, maofesi atatsekedwa, tidzabweza mzere m'mbuyo, zidzapitanso zonse mwakachetechete. Wina akafunsa tidzati seva inadzaza."

"Loweruka n'kutali, bwana."

"Mukabweza lero, kiliniki iliyonse ilandira mulu wa zotsatira za masiku akale dzuwa likuswa mtengo. Afunsa kuti zinali kuti. Ndiye ndiwauze kuti zinali pansi pa tebulo, pafupi ndi ambulera? Achimwene, muli ndi ana. Inenso ndili nawo."

Zoona zake n'zakuti Kadzidzi anamva kupepukidwa, ndipo anachita nako manyazi kupepukidwako. Anagwedeza mutu ngati wavomera. Bwana anamusisita paphewa n'kutuluka, ndipo m'chipindamo munatsala iye, fumbi ndi kung'ung'udza kuja.

Anatulutsa foni. Chithunzicho chinali chopendekeka, chala chachikulu cha mkazi wake chikuoneka m'mphepete mwa kapepala. Analemba nambalayo pakiyibodi, analakwitsa, analembanso. Sikirini inadumpha n'kuima pa mzere umodzi. Tsiku linali Lolemba lomwe lija, masiku khumi ndi asanu ndi awiri apitawo, ndipo kumapeto kwa mzerewo kunali kanyenyezi.

Anakhala pa katoni. Anaimbira ku labu, kwa mkulu woyeza magazi amene ankadziwana naye pantchito, n'kumuwerengera nambalayo. Anamva kiyibodi ikulira mbali inayo, kenaka mkuluyo anafunsa.

"Munthuyu ali kuti panopa?"

"Kunyumba kwanga. Ndi apongozi anga."

"Akumwabe mapilisi?"

"Tsiku lililonse. Ndimachita kuwakumbutsa ndine."

"Anayenera kusiya tsiku lomwelo. Magazi awo ali ngati madzi. Asamwenso, ndipo apite kuchipatala lero lomwe. Asagwe, asadzigunde paliponse, makamaka mutu. Mwandimva?"

Anatuluka m'chipindamo chitseko n'kuchisiya pululu. Anapita padesiki pake, ndipo ali chiimire, osapempha chilolezo kwa munthu, anabweza mzere m'mbuyo masiku makumi awiri. Sikirini ya pakhoma inafiira nthawi yomweyo, mzere unatupa, ndipo anzake anadzutsa mitu. Foni ya padesiki la bwana inayamba kulira, kenaka ya padesiki lina. Iye anatenga makiyi a galimoto n'kuloza ku masitepe, foni yake ili kukhutu.

Inaitana kasanu mkazi wake asanayankhe. Kumbuyo kunkamveka wailesi ndi madzi akutsikira m'beseni.

"Mwaimba nthawi yachilendo. Mwaiwala chiyani?"

"Amayi ali kuti?"

"Agona. Akuti mutu ukuwalemera, ndiye ndawasiya apume."

Anaima pakati pa masitepe, dzanja lili pachitsulo. Pansi anthu a matayala ankagubuduza katundu wawo akuseka.

"Wayamba liti mutuwo?"

"M'mawa uno. Dzulo anaterereka kubafa, anagunda pachitseko pang'ono chabe, sanatupe n'komwe. Anati tisakuuzeni, mungadandaule muli ndi zambiri kuntchito. Bwanji kodi?"

"Agona nthawi yanji?"

"Atangomwa tiyi ndi mapilisi awo. Inu, mukundiopsa."

"Kawadzutseni. Musadule foni, pitani nayo."

Anamva mpopi ukutsekedwa, kenaka masilipasi akukhwekhwereza pasimenti, kudutsa pabalaza pamene wailesi inakula n'kuchepanso. Anamva kugogoda kawiri, kwaulemu, ndi chitseko cha chipinda cha alendo chikulira m'mahinjesi monga chimachitira nthawi zonse.

"Amayi, bambo akukufunani pafoni."

Bedi linalira, mkazi wake atakhala m'mphepete mwake.

"Amayi. Dzukani kaye pang'ono."

Kadzidzi anapanikiza foni kukhutu mpaka khutulo linawawa. Ankamva kupuma kwa munthu mmodzi, ndipo sankatha kudziwa kuti n'kwa ndani. Kenaka foni inagwera pa bulangete, mawu anayamba kumveka patali, ndipo mkazi wake, mayi wa ana atatu, anaitananso ndi kamawu kamene iye anali asanakamvepo chikwatiranireni.

"Amama?"