Hatchi Yokulira Kukhitchini

Tinali pa tebulo tikudya chamasana pamene mutu wa Kafulumira unalowa pawindo, monga mwa masiku onse. Ananunkhiza mbale ya achimwene, n'kusuzumira ya ababa, kenako n'kutsamiritsa chibwano paphewa la amayi. Amayi anamunyemera buledi osacheuka n'komwe. Koma tsiku limenelo panalibe woseka. Alamu anga, akazi a achimwene, anali kumapeto kwa tebulo ndi bandeji pachigongono. M'mawa Kafulumira anawakankha ndi chifuwa pofuna kulowa m'nyumba, iwo n'kugwera pamasitepe, chonsecho ndi oyembekezera.

Kwathu timaweta mahatchi ophunzitsira ana kukwera. Kafulumira yekha ndiye sanaberekepo munthu pamsana. Anabadwa masiku osakwana, makutu ali lende, ubweya wofewa ngati wa mwana wa mphaka, miyendo ikungopindika yokha. Make anafa m'mawa mwake. Dokotala wa ziweto atamuona anati mafupa a m'mawondo sanakhwime, asamaime nthawi yaitali, ndipo ifeyo tisaikepo mtima kwambiri.

Amayi anamva zonsezo, n'kumukulunga m'bulangeti, n'kukamugoneka pamatiresi pafupi ndi mbaula. Ankamuyamwitsa ndi botolo, kumutembenuza kuti asatuluke zilonda, kumuimitsa atamukoleka thaulo kumimba. Kafulumira anatsokomola nyengo yonse yozizira, koma sanagonje. Lero ndi wamfupi kuposa anzake, kukazizira amakoka mwendo wakumbuyo, ndipo chidebe chikagwa amanjenjemera thupi lonse. Dokotala uja akabwera amamusisita pakhosi n'kupukusa mutu, ati kanyama aka kanakana imfa pamaso pake.

Chimene Kafulumira sankadziwa n'choti iye ndi hatchi. Amayi sankalola kuti alowe mumpanda wa anzake, poopa kuti angamuthyole. Anakula akulondola siketi yawo, kuchokera kukhitchini kupita kochapira. Kukankha kumene tinkakuseka ali ngati kambuzi, tsopano kunali kwa chinyama cholemera kuposa ababa ndi achimwene ataphatikizana.

Achimwene analankhula modekha, maso ali pambale. Anati mwana akubwerayu adzakwawa pakhomo lomwelo. Mnzawo wina ali ndi famu yaikulu kutali, kumene mahatchi amangodziyendera okha m'tchire, ndipo wavomera kumutenga. Amayi anayankha kuti miyendo imeneyo singalimbe pamiyala, kumutumiza kumeneko n'chimodzimodzi kumupha. Alamu anayesa kupeputsa nkhaniyo, amvekere mzime wa m'nyumba muno wangoyamba nsanje basi, poti waona kuti kukubwera wina. Amayi anamwetulira pang'ono, koma dzanja lawo silinachoke pamphuno pa Kafulumira.

Ababa anapukuta m'manja, n'kulankhula.

"Amake ana, ulemu wa hatchi umaphunzitsidwa ndi hatchi inzake. Timuike ndi Ntchembere. Akamva, akhala. Akapanda kumva, apita. Koma inuyo musakafike kumpanda, ngakhale alire bwanji."

"Nanga akamumenya?"

"Amumenyadi. Sukulu yake ndi imeneyo."

Ntchembere ndi hatchi yathu yaikazi yokalamba, yolera ana ambiri. Siyithamangitsa mnzake mtunda wautali, mawondo ake nayonso anatopa, koma mwano siyisekerera.

Amene anakamusiya ndi amayi eni ake, poti palibe wina amene Kafulumira akanamutsatira. Chingwe sichinafunike. Anayenda kutsogolo, iye pambuyo, mpaka kulowa mumpanda. Anatuluka msanga, n'kutseka geti, n'kubwerera kunyumba akuyenda ngati munthu wasenza ndowa yodzaza.

Ine ndinatsala ndi ababa pansi pa mtengo. Kafulumira anazungulira pang'ono, kenako anapita pamene Ntchembere ankadya udzu n'kulowetsapo mutu, monga ankachitira ndi mbale zathu. Ntchembere anagoneka makutu. Hatchi iliyonse imadziwa kuti zikatero uyenera kufutuka, koma mwana wa kukhitchini chinenero chimenecho akanachimva kuti? Anapitiriza kudya. Mano anamupeza pakhosi. Anadumpha, n'kuthamangira kumpanda woyang'ana kunyumba, n'kuyamba kulira.

Kulira kwake kunali kosapiririka. Ababa sanasunthe, ankangoyang'anitsitsa mwendo uja ngati ukutsimphina koposa kale. Ine ndinalephera, ndinapita kukhitchini.

Ndinapeza amayi akutsuka mbale zotsukatsuka kale. Kulira kukamveka, mapewa awo ankakwera. Kenako anapukuta m'manja, n'kuika chidutswa cha buledi m'thumba, n'kulunjika pakhomo. Alamu, amene ankasenda mbatata pakona, ndiwo analankhula.

"Pitani, amayi. Inetu sindinavulale kwenikweni."

Amayi anaima atagwira chitseko. Anayang'ana bandeji ija, n'kuyang'ana mimba ya mpongozi wawo. Anabwerera, n'kutseka windo, n'kukoka mpando, n'kutenga mpeni wina.

"Ine ndinamuphunzitsa kuima," anatero. "Zatsalazi sindingazithe. Bweretsa kuno mbatatazo, mwanawe."

Anasenda mbatata zoti tikanadya mlungu wonse. Alamu ankawauza nkhani za kusikelo, za anamwino okalipa ndi azibambo okomoka pakhonde, mokweza mawu dala. Kunja Kafulumira analira mpaka mawu anasasa, koma amayi sanadzukenso pampando paja kufikira dzuwa litalowa.

M'mawa mwake ine ndi ababa tinapita kukathira madzi m'bafa lakale limene mahatchi amamweramo. Amayi anatitsatira ndi beseni la zovala, n'kuima pa chingwe choyanikira, osapitirira. Kafulumira anali ndi chotupa pakhosi ndi matope m'nthiti. Atawaona anayenda pang'ono, n'kulira kamodzi ndi mawu ake osasawo. Amayi anawerama, n'kutola malaya a ababa, n'kuwakung'untha.

Madzi atayamba kukhuthuka, ludzu linamukokera Kafulumira kubafa. Ntchembere anali atafika kale. Sanadzutse mutu, anangotembenuza khutu limodzi. Kafulumira anaima pomwepo. Anapumitsa mwendo wake wovuta uja, n'kumayang'ana madziwo, milomo ikugwedera. Nkhalambayo inamwa mosafulumira, kupuma, kumwanso. Itachoka, m'pamene iye anasendera n'kuviika mlomo.

Achimwene anali ataima pambuyo pathu ndi kapu ya tiyi. Anauza ababa chapansipansi kuti mnzawo wa kufamu uja amuuza kuti ayambe wadikira.

Amayi anamva. Anali ndi mapegi awiri pakamwa. Atayanika thaulo lomaliza anaitana ababa, n'kuwauza kuti mankhwala a zilonda ali pashelefu ya m'khola, kuseri kwa maburashi, ndipo popaka pakhosipo asakanikize.