Zitsulo za Nsonga Zofiira

Pa shopu ya zomangira ya bambo Spencer ku Muloza, kasitomala akabwera atalusa ankamulozera kwa Edna. Ntchito yake inali imeneyo basi, ndipo ankaitha koopsa. Ankakoka mpando wapulasitiki, n'kutsekula Fanta wozizira, kenaka mawu ake aja: "Khalani pansi kaye. Dandaulo lanu talimva, tilifikitsa koyenera." Koyenerako kunali kuti, ngakhale mwini wakeyo sankakudziwa. Koma anthu ankatuluka atafewa, ena mpaka kupepesa kuti anakweza mawu.

Amene Fanta anawalephera ndi a Pilato, mmisiri womanga nyumba, munthu wamkulu kale wa zala zong'aluka ndi simenti. Analowa atasenza chitsulo cha m'konkire paphewa, n'kuchiponya pansi pamaso pa anthu onse.

"Mwanangu, ine sindinabwerere zakumwa. Taona kuno."

Anaponda nsonga imodzi n'kukoka inayo. Chitsulo chenicheni chimapindika n'kukhala chopindika. Ichi chinangoti thyo, ngati phesi louma, ndipo pothyokapo panali potuwa, pa timibulu ngati shuga.

"Mwina mwapinda mothamanga, bambo," anatero Edna, poti ndi zimene anamuphunzitsa kunena.

"Ndinayamba kupinda zitsulo iwe usanabadwe. Choipa chake n'chakuti ichi ukachikwirira m'konkire sichioneka. Chimangogona phee, kudikira tsiku lake."

Edna anachita mantha, ngakhale sanaonetse. Masabata otsatirawo amisiri ena anabweza zitsulo zimene zinabwera pa lole imodzi ndi chothyoka chija, ndipo mulu unakula kuseri kwa shopu. Poopa kuti okweza katundu angazisakanize ndi zabwino, anatenga penti wofiira n'kupaka nsonga ya chitsulo chilichonse chobwezedwa. Bambo Spencer anamuyamikira, nati a ku fakitale adzabwera kudzatenga zinyalala zawo. Tsiku lina m'mawa anapeza kuseriko kuli mbee, udzu wokha wofota pamene panali mulu. Mtima wake unakhala pansi, nkhaniyo n'kuiwalika.

Kwawo kwa Edna kunali cha ku Milonde, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje umene mlatho wake unapita ndi napolo chaka cha namondwe chija. Kuchokera pamenepo anthu ankawoloka pokwinya zovala, ndipo mayi ake, amene munda wawo uli kutsidya, anakokolokapo kamodzi mpaka kukagwira mizu ya mtengo. Ndiye bambo Spencer atalengeza kuti apereka simenti ndi zitsulo za mlatho watsopano, mayiwo sanagwirike. Aliyense pa chigayo anamva kuti bwana wa mwana wawo ndi munthu wa Mulungu. Edna nayenso ankayenda mapewa ali m'mwamba, tisabise.

Tsiku lotsekulira mlathowo, phiri linadzuka litafunda mtambo wakuda bii. Kumudzi sikunagwe dontho, koma anthu a kuno amadziwa kuti madzi oopsa ndi amene agwa kumtunda kosaonekako. Edna anafika pa kabaza mwambo utayamba kale. Mtsinje unali wofiirira, ukukankha nthambi ndi makoko a nthochi, ndipo pansi pake pamamveka miyala ikugubuduzika.

Mlatho unali wokongola ndithu, wopaka laimu. Pamwamba pake panadzaza amayi a kwaya ya ku tchalitchi, wojambula akuwauza kuti afinyikane kuti akwane onse. Pakati penipeni panali mayi ake a Edna, atavala chitenje chimene iye anawagulira, akumukodola ndi chimwemwe.

Edna anatsikira m'mbali kuti awajambule pa foni. Apo m'pamene anaona kuti zogwirira anali asanaike. Amisiri anasiya zitsulo zitasuzumira pa konkire kuti adzawotcherereko mapaipi, mzere wonse kuyambira tsidya lino mpaka linalo. Nsonga iliyonse inali yofiira. Penti wake, burashi yake, ngakhale pamene dzanja lake linkatsetsereka n'kudontheza panali pomwepo.

Kwaya inayamba nyimbo, amayi aja akuponda pamodzi, kumanja, kumanzere, mlatho wonse ukulandira. Pansi pa mzati wapakati Edna anaona kamchenga ka simenti kakuyoyokera m'madzi.

"Amayi! Tsikanipo! Tsikanipo nonse!"

Ng'oma zinameza mawu ake. Mayi ake anayesa akuwachemerera, nawonjeza kuvina.

Edna anathamangira ku tenti kumene bambo Spencer anakhala ndi alendo, atavala suti, sizasi yodulira liboni ili pa thebulo. Anaiwala kugwada, anaiwala moni.

"Bwana, zitsulo zija! Zobwezedwa zija zili mu mlathomu! Muwauze anthu atsike!"

Alendo anatembenuka. Bambo Spencer sanadzidzimuke nkomwe. Anamwetulira alendowo ngati bambo amene mwana wake walankhula zachibwana, naimirira pang'onopang'ono, n'kumugwira Edna pamkono mwaulemu koma molimba. Ndi phazi anakoka mpando wapulasitiki. Anapisa m'chidebe cha madzi oundana, natsekula botolo, n'kumufumbatitsa m'dzanja.

"Khalani pansi kaye, mayi," anatero ndi mawu ofewa. "Dandaulo lanu talimva. Tilifikitsa koyenera."

Kumtunda kunamveka mkokomo ngati wa lole yolemera ikutsika phiri, pomwe kulibe msewu. Pa mlatho, wojambula anakweza dzanja, nauza ana a sukulu kuti nawonso akwerepo.