Nambala ya wamng'ono

Ana anga awiri aakazi anafunsira ntchito imodzi, yoyang'anira katundu m'nyumba yosungiramo mankhwala. Chimwalirireni mayi awo, awiriwa salankhulana osalumana.

Wamng'ono anandipempha kuti ndimuthandize kulemba CV. Anali atalemba kuti ndi wolimbikira, wokhulupirika, wodziwa kukhala ndi anthu. Ndinafufuta zonsezo.

"Aliyense amalemba zimenezi," ndinamuuza. "Lemba chimene unachita ndi manja ako."

Analemba za sitolo imene ankagwirako kale, mmene anasinthira kasanjidwe ka katundu mpaka zinthu zinasiya kuwonongekera pashelefu. Tinadula, tinakonza, mpaka zonse zinakwana tsamba limodzi.

Wamkulu ankangotidutsa ndi kapu ya tiyi.

"Mukulemba buku? Satifiketi ndi satifiketi basi, ngakhale muidzoze mafuta. Ena tili ndi dipuloma."

"Dipuloma yogonera pasofa," anayankha wamng'ono osadzutsa mutu.

"Iwe, ndine mnzako ine?"

Onse anatumiza. CV ya wamkulu sindinaione, ndipo sindinafunse.

Lolemba masana, tili pabalaza, foni ya wamng'ono inalira. Anayankha mwaulemu, ataimirira. Kenako nkhope inasintha. Anatsegula sipika n'kuika foni patebulo.

"Akufuna inu, achemwali. Pa nambala yanga."

Anali mayi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito. Anamuuza wamkulu kuti abwere Lachinayi. Anati chimene chawakopa, kuwonjezera pa dipuloma, ndi nkhani ya kasanjidwe ka katundu m'sitolo, ndipo akufuna akawafotokozere bwinobwino mmene anachitira.

Wamkulu sanagwirepo ntchito m'sitolo. Foni itaduka, tonse tinadziwa chimene chinachitika. Anatsegula CV ya mng'ono wake pakompyuta yanga, n'kusintha dzina ndi sukulu. Nambala ya foni anaiwala.

"Wakuba iwe," anatero wamng'ono. Aka kanali koyamba kumumva akumutchula mkulu wake kuti iwe. "Ngakhale kuba kumene sukutha."

"Ndangobwereka mawu. Mawu ali ndi mwini? Ndipo iweyo akuitana? Ndi kasatifiketi kakoko?"

"Ababa, mukumva?"

"Ndamva," ndinatero. Ndinatembenukira kwa wamkulu. "Uwaimbire, uwauze kuti ndime imeneyo si yako."

"Kuti ntchito indipulumuke? Inunso ababa, nthawi zonse mumakhala mbali ya kamwana kanuka."

Sanaimbe.

Lachitatu ndinamupeza akusita bulauzi m'khitchini. Wamng'ono ankatsuka mbale atamufulatira.

"Tandiuza," anayamba wamkulu, mawu atafewa pang'ono. "Katunduyo unkamusanja bwanji? Ndikapeza ntchito tonse tidya."

"Zili pa CV yanu, achemwali. Werengani."

"Pangolembedwa mizere iwiri."

"Ndiye mukawawerengere mizere iwiriyo."

Wamkulu anandiyang'ana. Ndinkadziwa yankho lake, chifukwa ndinalimva kangapo tikulemba CV ija. Ndinatenga nyuzipepala n'kutuluka.

Lachinayi wamkulu anabwerako msanga. Anaponya nsapato pakhomo, n'kulowa kuchipinda osapereka moni.

Tsiku lotsatira foni ya wamng'ono inaliranso. Anali mayi yemwe uja. Anati apeza ma CV awiri ofanana, okhala ndi nambala imodzi, ndipo akufuna kuonana ndi mwini nambalayo.

Wamng'ono anagogoda pachitseko cha mkulu wake.

"Achemwali, ndibwerekeni bulauzi ija. Ndi yosita kale."

Chitseko sichinatseguke. Anapita atavala yake.