Katelala ka Linunda

Chikwatiwireni, ntchito ya pabanja pathu ndi ya tizidole ta mtedza. Apongozi anga aakazi amasankha mtedza wosaswa n'kuuyanika, amuna anga amauboola n'kulowetsa tiwaya ta manja ndi miyendo, ine ndimajambula nkhope. Timapanga oimba gitala, amayi obereka ana, agalu ovala zipewa, n'kumagulitsa patebulo pakhonde.

Tsiku lina m'lichero munapezeka mtedza wopindika, wotupa kumsana. Nditangouona ndinafa nacho chiseko. Unali ndendende atelala oyandikana nafe nyumba, bambo wachikulire wa linunda. Ndinaujambula magalasi otsetserekera pamphuno ndi ndevu zoyera, n'kuukoleka kaulusi kachikasu m'khosi ngati tepi yoyezera.

"Koma inu, anthu awazindikiratu," anatero apongozi.

"N'zocheza chabe, amayi."

Kachidoleko kanagulidwa m'mawa womwewo. Posakhalitsa anthu anayamba kubwera akufunsa "katelala ka linunda", amuna anga n'kumakhuthula thumba lonse kusaka mtedza wopindika. Tinapanga tambirimbiri. Ndikaona atelala akudutsa, ndinkatiphimba ndi nsalu.

Lachisanu lina masana, amuna anga atapita kukagula guluu, ndinangozindikira atelala ali kale pakhonde. Nthawi yophimba panalibe. Tizidole tija tinali titandandalika patebulo, tonse towerama. Iwo anatulutsa kena m'thumba la malaya.

"Kasitomala wina wandisiyira aka pamakina. Akuti mwina ndi m'bale wanga."

Apongozi anadzuka pamkeka n'kulowa m'nyumba, lichero kulisiya pomwepo.

Atelala anakayandikitsa kumaso n'kukatembenuza. "Magalasiwa mwawatha. Ndevunso." Anakhudza kumsana kwake ndi chala. "Apa pokha simunavutike, eti? Munapeza pali kale."

"Pepani, bambo. Sindinaganize."

"Munaganiza, mayi. Ntchito yabwino chonchi siichitika munthu osaganiza." Sanakweze mawu. "Ine ndinazolowera kuyambira ndili pasukulu. Koma akazi anga anakaona kumsika, wina akukayendetsa pabenchi, anthu akuseka. Anabwerera osagula kanthu. Lero ndi tsiku lachitatu asakutuluka."

Ndinasowa poyang'ana. Akazi awowo ndi amene ankandisambitsira mwana wanga woyamba ine ndili chigonere ndi bala la opaleshoni.

Atelala anaika kachidoleko kumapeto kwa mzere, anakawongola kuti kaime bwino, n'kutsika pakhonde.

Amuna anga atabwera anandipeza ndikutiphwanya ndi botolo, kamodzikamodzi.

"Mwapenga? Mawa kukubwera anthu odzatenga timeneti!"

Nditawafotokozera anakhala pansi. Kenaka anayamba kutola tiwaya m'makokomo.

M'mawa mwake ndinakagogoda kwa atelala. Anatsegula ndi akazi awo. Ndinagwada pakhomo pomwepo, mawu onse amene ndinakonza n'kundithawa. Ndinangoti pepani, kawiri.

"Mwaphwanya tonse?" anafunsa.

"Tonse, amayi."

"Nanga tili m'nyumba za anthu tija?"

Ndinakhalabe chigwadire.

"Dzukani, mudetsa nsalu," anatero. Sanandiuze kuti ndilowe.

Papita miyezi isanu. Timapatsana moni, ndipo tsiku lina akazi a atelala anandifunsa za mwana. Koma zipi ya siketi yanga itaduka mwezi watha, ndinakwera basi kukasoketsa kwina. Sikuti atelala akanakana ayi. Ndi ine amene sindikanatha kuima pafupi nawo iwo atawerama pamakina.