Bele la Amayi a Pascoal

Moni inu owerenga. Ndiyamika Mulungu amene watisunga mpaka lero, ndiyamikanso inu pokhala nane pansi.

Pascoal anatuluka usilikali mu 1989, bomba lokwirira litamudya phazi lamanzere. Anabwerera ku Tsangano kwa akatekisita a Teodoro, amene anamutola ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, amake atafera m'njira pothawa nkhondo ya Apwitikizi. Za kwawo ankadziwa ziwiri zokha: amake anali Delfina, ndipo iyeyo kwawoko ankamuitana Chakumanda.

Ku Tsanganoko anakonda Amália, woimba kwaya, amene anathawa nkhondo ku Chidzolomondo pamodzi ndi amake, a Virgínia. Tsiku lina akuwathandiza kukumba mbatatesi, a Virgínia anamufunsa.

"Inu a tropa, asilikali inu, ukwati mukuufunadi, koma ankhoswe anu ndani? Munthu sagwa mumtengo ngati suku."

Pascoal anatchula maina awiri aja. Khasu linagwa m'manja mwa a Virgínia.

"Chakumanda wa achemwali a Delfina? Mayo ine! Ndinakulira m'nyumba mwa amawo. Koma ngati ndinabadwiramo kapena ndinangoleredwamo, palibe anandiuza. Ngati ndife bele limodzi, Amáliayu ndi mlongo wanu."

Amália anasiya dengu pomwepo, ulendo wa kunyumba osacheuka.

Wodziwa anatsala mmodzi: a Feliciano, mlongo wa Delfina, amene zinkamveka kuti ali ku Furancungo ngati adakali moyo. Njira yake inali ya mabomba, yodutsa ndi koluna, mdipiti wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali. A Teodoro anamusanjika manja.

"Mwana wanga, wantchito wa Abrahamu naye anapita kutali chifukwa cha ukwati. Koma ukakamva chowawa, usakabwere ndi bodza."

Mawu amenewo anamulasa, chifukwa bodzalo anali ataliganizira kale.

Anayenda masiku anayi. Galimoto ikaima, onse ankangoyang'ana kutchire. Pascoal ankadziwa bwino maonekedwe a dothi lokumbidwa kumene, ndipo ankaliona paliponse. Ankayamba Salimo la Mbusa, koma pakati pake linkamuthawa, m'mutu mukubwera Amália akumutcha achimwene.

Ku Furancungo anafunsa m'misasa ya othawa nkhondo mpaka anamulozera bambo wa imvi wokhoma zidebe kuseri kwa msika.

"Ndinu a Feliciano? Ine ndine Chakumanda, mwana wa Delfina."

Bamboyo sanaimirire. "Chakumanda tinamuika. Thunthu la nthochi tinalikulunga m'mphasa m'malo mwa mtembo, maliro tinameta. Usandisewere, mnyamata. Asilikali mumadziwa kutola maina a akufa."

 Pascoal analibe pepala, analibe mboni.

"Ngati ndiwe," anatero a Feliciano, "mbuzi ya kwathu inakuchita chiyani?"

Pascoal anapinda khutu lakumanja. Kuseri kwake kunali chipsera chimene sankadziwa chiyambi chake.

"Ichi kapena? Za mbuzi sindikumbuka."

Nyundo inagwera m'chidebe. "Inakugunda pamtondo! Ndinakunyamula ndine! Mphwanga, ndakulira zaka zonsezi, iwe uli phee kudya mbatatesi ku Tsangano?"

Analira onse, ogula akuwayang'ana. Koma mtima wa Pascoal unali usanatsike.

"Malume, a Virgínia ndi ndani kwa ife?"

"Virgínia ali moyo? Ukufunsiranji?"

"Ali ndi mwana wamkazi."

A Feliciano anamvetsa kuti nkhani ndi ya ukwati. Kenaka anayamba kuwerenga pa zala: agogo a agogo ake a Naphiri amene anachokera kuphiri, ana awo atatu, adzukulu, yense ndi kumene anakwatiwa. Pascoal ankangodikira dzina limodzi.

"Nanga a Virgínia, malume?"

"Dikira, wathamangira kuti ndi phazi limodzi? Chaka cha njala yaikulu kunabwera mayi wochokera ku Nyasalande kudzasuma chimanga, khanda kumsana. Anali Nabanda. Anamwalira pakhonde pathu, khandalo, Virgínia yemweyo, amayi analilera ndi phala. Bele lathu sanayamwe. Tinamubisira kuti asamadzione mlendo."

Pascoal anakhala pansi m'fumbi, nkhope m'manja.

"Ulirenso chiyani? Koluna ibwerera liti?"

"Lachisanu. Koma njira ija, malume…"

"Ndinakuika kamodzi popanda mtembo, ndikukwatitsenso popanda nkhoswe? Virgínia akamve za amake m'kamwa mwanga, osati mwako."

Lachisanu anakwera onse awiri. Galimoto itangonyamuka, Pascoal anayambanso kuyang'ana dothi la mumsewu, dzanja lake litagwira dzanja la malume ake. Salimo lija analinena mpaka kumapeto.

Ambuye amene amadziwa yense ndi dzina lake akusungeni potuluka ndi polowa, akulunzanitseni ndi abale amene munawalira, ndipo mapazi anu aponde pabwino. Amen.