Chimanga cha NyaJere m'Beseni la Alendo

Marjory Nyirenda anagwira ntchito pa kampani ya mbewu ya Mphukira zaka zisanu, ndipo m'zaka zonsezo sanayankhepo bwana mokweza mawu. Ntchito yake inali yomata mapaketi a mbewu ndi makina otentha pulasitiki, m'nyumba yosungiramo katundu ya kuseri kwa msika wa pa boma la Mzimba. Mwamuna wake Feston anapita ku Joni monga amachitira amuna ambiri a kuno, ndipo m'chaka chachiwiri foni yake inangoti zii. Ana awo awiri ankadya za makinawo. N'chifukwa chake Marjory ankaona zambiri koma n'kumangomeza mate.

Zimene anaona mu Okutobala chaka chimenecho zinamukanika kumeza. Atapita kuseri kukafuna tsache, anapeza aganyu atayala tenti pansi, akutembenuza chimanga ndi mafosholo uku akuchiwaza utoto wobiriwira. Matumba amene chinachokeramo anawadziwa: ndi aja galimoto ya kampani inkatenga kwa mavenda a ku Jenda mu Ogasiti, bwana akuti n'chakudya cha nkhuku zawo. Tsono nkhuku zake ziti zofuna chimanga chopaka utoto? Madzulo a tsiku lomwelo chimangacho chinafika pa makina a Marjory kuti achimate m'mapaketi olembedwa kuti mbewu yamakono, yocha msanga, yopirira kuchilala.

Bwanayo anali Kingstone Chimutu, mkulu wochokera kuchigawo chapakati, wonunkhira perefyumu ngakhale pakati pa fumbi la chimanga. Anali munthu wokonda kuyankhula za umunthu pa misonkhano ya antchito. Pakhoma la ofesi yake panapachikidwa bokosi la madandaulo, lopakidwa penti bwinobwino, lolembedwa kuti aliyense woona zachinyengo aponyemo kalata. Kiyi wa bokosilo ankakhala m'thumba la bwana yemweyo, pamodzi ndi makiyi a galimoto.

Marjory sanaponye kalata. Anagogoda, nalowa, nanena chapansipansi zimene anaona. Bambo Chimutu sanakwiye n'komwe. Anamufotokozera mofatsa, ngati akulangiza mwana wa sukulu, kuti kulikulu ku Lilongwe anatumiza mbewu yeniyeni yochepa, komanso analamula kuti nthambi iliyonse ipereke mphatso kwa anthu ovutika a m'dera lake, zithunzi zituluke m'nyuzipepala. Mbewu yeniyeni ipita m'mashopu. Yopaka utotoyo ipita kwa amayi amasiye a pa tchalitchi china cha kufupi ndi Jenda.

"Munthu wopatsidwa zaulere akadandaula kwa ndani?" anatero. "Zikakana kumera adzati ndi mvula. Inu, mayi Nyirenda, muli ndi ana. Pitani mukamate."

Anapitadi kukamata, ndipo zimenezi zinamuwawa kuposa mawu a bwana. Paketi iliyonse imene inkatuluka m'makina inkadutsa m'manja mwake. Kenako mndandanda wa olandira utafika, dzina lachisanu ndi chiwiri linali Emmie Jere, amene kumudzi onse amawatchula NyaJere. Anali apongozi ake, mayi ake a Feston.

Musaganize kuti awiriwa ankagwirizana. NyaJere sanafune kuti mkamwana wawo, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, akagwire ntchito pa boma. Ankati mkazi wolowoledwa ndi ng'ombe malo ake ndi pamudzi pa mwamuna, osati kumavala malaya a kampani pakati pa amuna achilendo. Akakumana, Marjory ankagwada patali, n'kupereka moni maso ali pansi, iwo n'kuyankha mawu awiri basi. Koma munda wa NyaJere ndi umene unkadyetsa ana atatu a mwana wawo wamkazi amene anamwalira. Mbewu ija ikanakwiriridwa m'mizere yawo ndi mvula yoyamba, podzazindikira kuti yakana, nthawi yobzala ikanakhala itapita. Marjory akanatha kuwanong'oneza apongozi okhawo, koma nanga amayi enawo analakwa chiyani? Komanso NyaJere sakanamva za mkamwana wa m'tauni pamene pulasitiki ikunena zina.

Tsiku la mwambo linafika mu Novembala, mitambo itayamba kale kusonkhana cha ku Luwawa. Pabwalo la tchalitchi anamanga tenti ya alendo, amayi amasiye atakhala pa udzu padzuwa. Kunabwera mayi Rachel Kamanga ochokera kulikulu, pamodzi ndi mlangizi wa zaulimi wa m'deralo ndi mtolankhani wa kamera yaikulu. Bambo Chimutu anayankhula nthawi yaitali za kampani imene imabwezera kwa anthu, ndipo anayesako ndi Chitumbuka, "yewo chomene" yawo, zikomo ya kuno, ikutuluka ngati munthu wameza fupa. Amayi anaseka, iwo n'kumaganiza kuti awakonda.

Mapaketi atagawidwa, amayi atavina mothokoza, zithunzi zitajambulidwa, inakwana nthawi yoti alendo alandire kachakudya. Kuno mlendo sasamba m'manja yekha. Mkazi amagwada patsogolo pake ndi beseni ndi jagi, n'kumuthirira madzi, kuyambira wamkulu. Bambo Chimutu, pofuna kuti mwambo uoneke wachikaya, wakumudzi weniweni, pa chithunzi, anasankha Marjory kuti achite zimenezi. Apa ndi pamene analakwitsa, chifukwa anaika beseni la madzi m'manja mwa munthu yekhayo amene ankadziwa ntchito imene madziwo angagwire.

Marjory anagwada patsogolo pa mayi Kamanga monga mwa mwambo. Mantha anali nawo, ndipo ankadziwa bwino kuti ntchito yake ikuthera pomwepo. Anaika beseni pansi, nathiramo madzi onse a mu jagi. Kenako anatulutsa paketi imene anaibisa m'chitenje, naing'amba ndi mano, nakhuthulira chimanga m'madzimo. Anachitikita ndi manja awiri monga amatsukira mphale.

Madzi anasanduka obiriwira. Mbewu iliyonse ya m'paketi imachita zimenezo, ndipo bambo Chimutu anayesa kuseka kuti alendo aone ngati ndi chionetsero chokonzedwa. Koma madzi atadekha, chimanga chochuluka chinayandama pamwamba, chofumbwa ndi anankafumbwe, chamabowo, china chachikulu china chaching'ono. Palibe mkazi wa kuno amene amafunika kuuzidwa tanthauzo la njere yoyandama.

"Amama," anatero Marjory, atatembenukira kwa amayi a pa udzu, kwa nthawi yoyamba akuyang'ana apongozi ake m'maso, "bwerani muone mbewu imene mwavinira."

NyaJere anadzuka pang'onopang'ono, nkhope itakwinyika, poti mkamwana saitana apongozi pagulu chomwecho. Anafika, nawerama, natapa chimanga cha pansi pa beseni. M'dzanja mwawo munali njere zolimba, zoyera, zina za timadontho tofiirira ngati dzira la mbalame. Anaziyang'ana nthawi yaitali, naluma imodzi.

"Ichi n'changa," anatero. "Chimanga ichi malemu amuna anga anabwera nacho kuchokera ku Lundazi, ndipo kuno timalima ife tokha ndi amene ndinawagawira. Ndinagulitsa ndowa ziwiri pa Jenda mu Ogasiti, chotsalira cha m'nkhokwe, chofumbwa, chifukwa sindikanabzala. Mbwenu, ndiye lero chabwerera chitavala yunifomu?"

Amayi anathamangira ku beseni. Wina anang'amba paketi yake, wina natenga jagi kukatunga madzi ena pa mjigo, ndipo posakhalitsa pabwalo ponse panali timadziwe tobiriwira. Aliyense ankafufuza chimanga chake, ndipo ambiri ankachipeza. Mlangizi wa zaulimi anatapa njere zingapo, nazikulunga m'pepala, nalowetsa m'thumba la malaya. Mtolankhani, amene m'mawa monse ankajambula mano a bambo Chimutu, tsopano anagwada pafupi ndi beseni.

Bambo Chimutu anati mkaziyu wasokonezeka mutu, anati pali anthu a kampani zina amene amutuma, anati mwina aganyu anasokoneza matumba. Mayi Kamanga anaimirira akupukuta manja ouma ndi kansalu. Ananena kuti kulikulu sadziwa chilichonse cha zimenezi ndipo afufuza, ndipo mwina ankanena zoona. Koma anawonjezera kuti kampani ili ndi njira zake zoperekera madandaulo, ndipo wantchito amene wanyazitsa dzina la kampani pagulu ayambe waima kaye ntchito.

"Njira yake ndi bokosi lija?" anafunsa Marjory, adakali chogwada. "Afunseni bwanawa kumene kuli kiyi wake. Ine ndinamata mapaketi amenewa ndi manja angawa, ndipo mlandu umenewo ndikuuvomera. Mukandiitana kulikonse ndikanena zomwezi. Koma m'munda mwa munthu simulowa njere imodzi."

Amayi anayamba kubweza mphatso. Mmodzimmodzi ankabwera, n'kugwada mwaulemu wonse, n'kuika paketi pa mapazi a bambo Chimutu, n'kunena kuti yewo chomene. Palibe amene anatukwana. Mulu unakula mpaka kubisa nsapato zawo zonyezimira, iwo ali chiimire osadziwa kolowera. Pomaliza anapeza chonena: anauza Marjory kuti asiye kiyi wa nyumba ya katundu, malaya a kampani, ndi beseni lomwe, poti nalonso ndi la kampani.

Marjory anaimirira. Anamasula kiyi pa chingwe cha m'khosi, namuika pamwamba pa muluwo. Anavula malaya a kampani amene anavala pamwamba pa bulauzi, nawapinda bwinobwino. Beseni analikhuthula pansi, madzi obiriwira nayenderera kulowera pansi pa mipando ya alendo, kenako analipereka ndi manja awiri.

Galimoto zitapita, m'pamene nkhawa inamugwira. Anakhala pa khonde la tchalitchi, manja ali obiriwira mpaka m'zigongono, akuganiza za ana awiri amene anawasiya pa boma ndi zimene akawauze. Kulira kunali pafupi, koma sanafune kuti amayi aja amuone akulira ngati walakwa.

NyaJere anabwera, nakhala pambali pake pa simenti yomweyo, chinthu chimene sanachitepo chilowolereni. Anamuuza kuti kudenga la khitchini yawo kuli ngala za chimanga chomwechija, zosankhidwa bwino, zotetezedwa ndi utsi, ndipo n'zokwanira munda wawo ndi kugawirako ena. Anati Loweruka akatenge ana ku boma, pakhomo pali malo. Marjory anayankha kuti iye kulima anaiwala, zaka zisanu wakhala akugwira pulasitiki.

"Khasu silivuta, mwana wane," anatero NyaJere, akumugwira dzanja lobiriwiralo. "Mvula ikagwa mawa, iwe uzikumba, ine ndiziponya. Mbewu yake waitsuka kale, ukuidziwa."